Honda CG125 ya malume itachoka m'manja mwa mmisiri wa ku Biwi

Ngati muli ndi njinga yamoto yakale imene ikungochita dzimbiri kuseri kwa nyumba, ndipo mukuganiza zoisandutsa scrambler, njinga yokonzedwa kuti iziyenda patala ndi m'misewu yafumbi yomwe, imvani za mmisiri wina wa ku Biwi mumzinda wa Lilongwe amene anandigwirira ntchito imeneyi. Galaja yake ilibe chikwangwani. Ndi shedi ya malata chabe, muli makina owotcherera, galayinda ndi anyamata ophunzira ntchito. Pa chitsulo ndi pa injini, bamboyu ndamugomera. Pa penti ndi mawaya, ndili ndi madandaulo.

Njingayi ndi Honda CG125 imene malume anga ankayendera m'zaka za m'ma 1980. Kampani ya Honda inayamba kupanga mtundu umenewu mu 1975, poganizira maiko amene misewu yake ndi yafumbi ndipo eni njinga sasintha oyilo pa nthawi yake. N'chifukwa chake injini yake, ya silinda imodzi ya 124cc, imatsegula mavavu ndi timitengo tachitsulo tokankha m'malo mwa tcheni chokwera kumutu kwa injini. Imapirira nkhanza. Njinga zambiri za ku China zimene a kabaza akuyendetsa masiku ano injini zake anatengera pa yomweyi, choncho pisitoni, malingi ndi magasiketi sizivuta kupeza m'mashopu a ku Biwi komweko.

Ndinapita ndi zithunzi pafoni za njinga zimene ndinaona pa intaneti: ekizozi yokwera m'mwamba, matayala a zibulumwa, chishalo chafulati, mahandulo otambalala, madigadi aafupi. Maonekedwe amenewa ndi a kalekale. Honda yomweyo inali itatulutsa CL72 Scrambler mu 1962, ndipo kampani ya ku Italy ya Ducati inatulutsa yake chaka chomwecho. Amisiriwo anayang'ana zithunzizo mofatsa, kenako anayamba kundikanira zinthu. Apa m'pamene ndinayamba kuwakhulupirira.

Choyamba anakana kuchotsa bokosi la fyuluta ya mpweya. Pazithunzi zambiri bokosilo amalichotsa n'kumangirira kafyuluta kapoyera kukamwa kwa kabuleta kuti pansi pa chishalo paoneke mpata. "Achimwene, fumbi la mu Okutobala likalowa mmenemo, malingi aja atha msanga, ndipo mvula ikadzayamba injini idzamwa madzi," anatero. Fyuluta ya CG125 ndi ya siponji, imachapidwa n'kupakidwanso oyilo, ndipo mkati mwa bokosi lake imakhala yotetezeka. Anaisiya mmene inalili, n'kungopanga timalata tatsopano tophimba m'mbali.

Chachiwiri anakana kudula felemu kupitirira pamene pamangiriridwa mashoko akumbuyo. Anangodula kansonga kakumapeto, n'kupinda paipi yolimba ngati chilembo cha U, n'kulowetsa kachitsulo mkati mwa mapaipi onse awiri asanawotcherere, kuti polumikizirapo pasadzathyoke. Ndinaimirira pomwepo akuwotcherera. Mzere wake unatuluka wosalala, wopanda mabowo kapena zotupatupa zimene timaziona pa mageti ambiri. Nambala ya felemu imene ili pakhosi la njinga sanaikhudze n'komwe, ndipo pochotsa penti yakale anaiphimba kuti galayinda isaifafanize. Amene anavutikapo ku Road Traffic chifukwa nambala sikugwirizana ndi ya m'buku la njinga akudziwa kufunika kwake.

Ekizozi ndiyo inatenga luso lalikulu. Anaipinda kuti ikwere m'mbali mwa injini kudzanja lamanja n'kudutsa pansi pa chishalo, ndipo anasiyamo chochepetsa phokoso. Anyamata ambiri amakonda kuchichotsa kuti njinga izilira kwambiri, koma injini yaing'ono ngati iyi imangotaya mphamvu poyenda pang'onopang'ono, kuwonjezera pa kusowetsa mtendere anthu oyandikana nawo. Atamaliza anasintha jeti ya mu kabuleta, kachitsulo ka kabowo kodutsa petulo, n'kumayendetsa njinga, kumasula pulagi, kuyang'ana mtundu wake, kufikira itatuluka yofiirira bwino. Kachitsulo kotchinga kutentha kokha ndiko kanali kakafupi. Kumbali ya woyendetsa kanali bwino, koma wokwera kumbuyo ankamva moto pa katumba. Nditabwerera anakatalikitsa osandilipiritsa.

Malimu anasiya omwewo a mainchesi 18, anangosintha masipoko odzimbirira n'kuwongola mawilo. Kumbuyo anaika sipuloketi ya mano ochulukirapo. Zotsatira zake ndinaziona pa msewu wopita ku Dzalanyama: pachitunda cha miyala njinga imakwera pa giya yachiwiri osadandaula, ndipo pamchenga matayala amagwira. Pa M1 nkhani ndi ina. Liwiro latsika, injini imalira msanga, ndipo matayala a zibulumwa amanjenjemeretsa mahandulo patala. Patala ponyowa pamafunika kuchenjera kwambiri, chifukwa mabuleki ndi omwe aja a dilamu kutsogolo ndi kumbuyo. Izi anandiuziratu ntchito isanayambe. Mashoko nawonso ndi a njinga ya m'tauni, choncho yoti n'kudumpha nayo zigwembe si imeneyi.

Tsopano madandaulo. Penti ya thanki anaipopera panja, mphepo ikuwomba, ndipo ukasisita ndi dzanja umamva timchenga. Choipa kwambiri, vanishi amene anapaka pamwamba sapirira petulo. Atangodontha pang'ono pa filing'i, panatsala chipsera chotuwa pafupi ndi chotsekera. Thanki ya njinga ya zaka zoposa 40 imayenera ulemu woposa pamenepa. Mawaya anapatsa mmodzi wa anyamata aja, amene analumikiza nyali yatsopano yakumbuyo ndi maindiketa pongopotokola mawaya n'kukulunga tepi. Msewu wa mabampu unawamasula, nyali ya buleki n'kusiya kuyaka. Ndinakapereka kwa wamagetsi a galimoto amene anawotcherera bwinobwino polumikizira ponse.

Nthawi nayo inapitirira kwambiri pa imene tinapangana. Mbali ina ndi kuthimathima kwa magetsi, popeza makina owotcherera sagwira popanda magetsi, koma mbali ina n'chifukwa a kabaza akabwera ndi vuto lofuna kukonza pompopompo, ntchito yaitali ngati yanga imayamba yaima. Sindikuwada nazo kwenikweni, chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku chimachokera kumeneko, koma mukapita muzikaonekera pafupipafupi, ndipo ndalama muzipereka m'zigawo malinga ndi pamene ntchito yafika. Zipangizo zikuluzikulu monga matayala, tcheni ndi masipuloketi mukagule limodzi nawo kushopu, chifukwa amadziwa kusiyanitsa zolimba ndi zachinyengo pongozigwira.

Chishalo anatumiza kwa wosoka mipando ya galimoto, ndipo chinabwera chabwino, cha siponji yolimba yosaphwa msanga. Felemu, ekizozi, mawilo ndi injini apatseni bamboyu mosakayika. Thanki mukapentetse kwa openta galimoto amene ali ndi chipinda chotseka, ndipo mawaya mupite nawo kwa wamagetsi kuyambira pachiyambi.