Nambala ya aphungu yoimba usiku: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Nambala yaulere ya aphungu, imene imayankha usana ndi usiku anthu amene maganizo awafika pakhosi, ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndinaimba chifukwa cha mchimwene wanga wamng'ono. Ntchito itamuthera anasiya kugona, mafoni a anzake osayankha, ndiye usiku wina ananditumizira uthenga wonditsanzika ali m'chipinda choyandikana ndi changa. Nambalayo ndinaipeza pa findahelpline.com, pamene umasankha dziko limene uli n'kuona nambala zimene zilipo, zoimba ndi zolemberana.

Nyenyezi yachisanu inagwera poyambirira pomwe. Anandilandira ndi mawu ojambula akuti ndidikire, kenako kanyimbo. Mwina sizinatenge nthawi yaitali, koma munthu amene manja akunjenjemera sumuimbira kanyimbo. Ndikudziwa kuti aphungu ndi ochepa ndipo oimba usiku ndi ambiri, komabe ndinatsala pang'ono kudula.

Amayi amene anayankha sanataye nthawi ndi malonje. "Ali pafupi nanu? Wadzivulaza, kapena wamwa china chilichonse?" Nditati ayi, anandiuza kuti yankho likanakhala eya, akanati ndiitane ambulansi kapena ndithamange naye kuchipatala nthawi yomweyo, zokambirana pambuyo. Kenako ananena chimene chinandiumitsa thupi: "Pitani mukamufunse mosapsatira mawu ngati akuganiza zodzipha."

"Amayi, ndikamufunsa choncho si ndiye ndamupatsa maganizowo?"

"Ayi achemwali. Funso silibzala maganizo amenewo. Ngati alipo, alipo kale, ndipo akuwasenza yekha."

Ofufuza nawonso anapeza zomwezi, kuti kufunsa sikuwonjezera ngozi. Ndinalowa, n'kukhala pamphepete pa bedi, n'kumufunsa: "Iwe, kodi ukuganiza zodzipha?" Anayang'ana pansi, akupotokola chingwe cha tchaja pachala. Anati "eya" chapansipansi, misozi n'kuyamba. Ndinamupatsa foni.

Apa ndi pamene ntchito yawo ndinaigomera. Mayiwo ankayankhula pang'ono zedi. Ndinkamva mawu a mchimwene wanga, kenako zii kwa kanthawi, kenako iye yemwe n'kupitiriza. Sanamuuze kuti alimbe mtima, kapena kuti ena akuvutika kuposa iye, mawu amene ife apabanja tinkamudyetsa tsiku ndi tsiku. Kumvetsera kotereku kuli ndi mbiri yake. Chad Varah, wansembe wa Anglican amene anayambitsa Samaritans, bungwe lomvetsera anthu ovutika maganizo pafoni, ku London mu 1953, anaona kuti anthu ongodzipereka amene ankacheza ndi omudikirira ankawathandiza kwambiri, moti ena ankabwerera kwawo osafunanso kuonana naye. Za chinsinsi nazonso mayiwo anamufotokozera mchimwene wanga poyera: zimene akunena zithera pomwepo, pokhapokha moyo wake ukakhala pangozi nthawi yomweyo.

Asanadule anatiuza kuti tipeze pepala ndi cholembera. Chimene chinali pafupi ndi envulopu yakale, ndiye tinalemba kuseri kwake. Zimene tinalembazo ndi ndondomeko yodzitetezera ya masitepe 6 imene akatswiri a zamaganizo, Barbara Stanley ndi Gregory Brown, anaifalitsa mu 2012. Munthu amalemba zizindikiro zoti mdima ukubwera (kwa iye, kudzuka pakati pa usiku n'kuyamba kuwerengera ngongole), zimene angachite payekha kuti mutu uzizire, anthu ndi malo omuchotsa m'maganizowo, oti awauze zoona zake, madokotala ndi nambala zangozi, ndiponso kuchotsa m'nyumba zinthu zimene angadzivulaze nazo. Sitepe yomalizayi mayiwo anaitsindika kwambiri. Anati nthawi imene munthu amafika pachimake penipeni nthawi zambiri imakhala yaifupi, ndipo chinthu choopsa chikakhala kutali, nthawiyo imatha kudutsa iye ali moyo. Mankhwala onse a m'nyumba ndinawatsekera usiku womwewo, kiyi n'kusunga ine. WHO, nthambi yoona zaumoyo padziko lonse, imati anthu oposa 720,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo kuchepetsa mwayi wofikira zinthu zoterezi ndi imodzi mwa njira zimene imalimbikitsa kwambiri.

Ndinadabwanso mayiwo atapempha kuti foni ibwerere kwa ine. "Nanga inuyo, alipo woti abwere adzakhale nanu? Musalondere nokha mpaka kuche." Usiku wonsewo panalibe amene anali atandifunsa za ine. Ndinaimbira mchemwali wathu wamkulu, anabwera, tinagona mosinthana.

Koma musayembekezere zimene nambalayi singathe. Phungu wa pafoni si dokotala: sayeza matenda, salemba mankhwala, sangabwere pakhomo. Anatiuza kuti kukacha tipite kuchipatala, ndipo anatilangiza kuti polembetsa tikanene mawu enieniwo, "akuganiza zodzipha", osati "sakugona bwino", kuti asatiike kumapeto kwa mzere. Tinatero, ndipo tinaonedwa tsiku lomwelo. Chimene chinandikhumudwitsa n'choti palibe amene anatiimbiranso kufunsa kuti kwacha bwanji, ndipo mchimwene wanga ataimbanso patapita masiku anapeza munthu wina, nkhani n'kuyambira pachiyambi. Kwa munthu wotopa kale, kufotokozanso zonse ndi katundu.

Masiku ano iye amakonda njira yolemberana mauthenga, chifukwa palibe womva kuseri kwa khoma, ngakhale kuti mayankho amachedwerapo kusiyana ndi kuimba. Nambala zonse ziwiri, yoimba ndi yolembera, tinazisunga m'mafoni a aliyense m'nyumba muno, pamodzi ndi ya ambulansi. Mukaimba n'kupeza kanyimbo kaja, ikani foni pa sipika, mukadikirire muli m'chipinda momwe muli munthuyo.