The Full Monty ndi filimu yabwino, koma wondiikira mu flash uja ndili naye mlandu

Filimuyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi. Mnyamata wapashopu yoika mafilimu uja ndikumupatsa ziro, ndipo ngati amawerenga zinthu ngati izi akudzidziwa yekha. Ndinamuuza momveka bwino kuti ndikufuna yoseketsa, yovina, yoti tionere ndi ana chifukwa mtsikana wanga ali mugulu la zovina kusukulu. Iye maso ali pa foni akuti "bigi iyi ndiye yake, anyamata a ku England ophunzira kuvina, ya banja lonse." Mtengo ndi womwe uja wakwerawu, chenji ati alibe ndidzatenge mawa.

Ndiye Loweruka usiku magetsi alipo, apongozi anga aakazi anali atabwera kudzaona adzukulu, akhala pamkeka pafupi ndi TV penipeni chifukwa maso anayamba kuvuta. Poyamba zinali bho, akuonetsa mafakitale a zitsulo a ku Sheffield kale zinthu zikuyenda, kenako zaka 25 zadutsa mafakitale atsekedwa, Gaz ndi mnzake wonenepa Dave akuba chitsulo mufakitale yakale mpaka atsakamira pamwamba pa galimoto yomira m'madzi, ana akufa nako kuseka. Pena panayamba kundikayikitsa koma ndinati mwina zidutsa. Kenako yafika nthawi yosankha anthu olowa mugulu lovina la Gaz, kwabwera mnyamata wina dzina lake Guy, kuvina satha, kuimba satha, akuthamangira khoma kuti akwere ngati katswiri n'kugwa chagada. Amufunsa kuti nanga iwe umatha chani, munthu uja osayankha zambiri wangotsitsa thalauzi pamaso pa anzake. Abale inu. Kamera sionetsa chilichonse koma nkhope za anzakewo zikunena zonse. Rimoti ndikudina osagwira, mabatire anatha kalekale, ine ndikulumpha ana kuti ndikazule pasoketi, mtsikana wanga akufunsa kuti adadi avuliranji, ndipo apongozi osandiyang'ana n'komwe angotembenukira kwa mwana wawo n'kufunsa motsitsa mawu kuti "kodi abambo amenewa ali bwinobwino m'mutu?" Mpaka lero sindikudziwa ngati amanena a pa TV kapena ine. Anadzuka, kupinda mkeka wawo, kukagona 8 koloko isanakwane. Mkamwini ine mawa lake tiyi ndinakamwera kuseri kwa nyumba.

Kuvina kwake ndi kovula zovala pamaso pa azimayi kuti apeze ndalama, ku UK komweko filimuyi ndi ya azaka 15 kupita m'tsogolo, ndiye munthu ukugulitsa zinthu osazionera bwanji? Nditabwerera akuseka, ati "koma ndi yovina bigi, sindinaname." Chenji chija mpaka pano.

Koma chilungamo chake, titaionera awiri ndi mayi akunyumba ana atagona, mkwiyo unayamba kuphwa. Si filimu yolaula ngati mmene ndimaganizira. Ndi nkhani ya azibambo asanu ndi mmodzi amene ulova wawavula ulemu kale asanavule malaya. Gaz akufuna ndalama zothandizira mwana wake Nathan apo ayi mkazi amene anasiyana naye amuletsa kumuona, ndipo pamene kamwanako kanakatapa ndalama zake zosunga kuti bambo ake alipire holo, mayi akunyumba anangoti mmm n'kukhala chete. Amene anandigwira mtima kwambiri ndi Gerald, amene anali kapitawo wawo, Tom Wilkinson anasewera bwino mbali imeneyi. Miyezi sikisi akuvala suti m'mawa uliwonse kunamiza mkazi wake kuti akupita kuntchito pomwe ntchito inatha, mkazi akungogula zinthu pangongole. Tonse timamudziwa munthu wotere, ena tinakwera naye minibasi ali ndi chikwama chopanda kanthu. Dave naye kudzikulunga pamimba ndi pulasitiki kuti aphwe uku akudya chokoleti, umaseka koma umamumvera chisoni.

Poseketsa penipeni ndi pamzere wa anthu osowa ntchito paja, nyimbo yayamba pa wailesi, aliyense akuyesa kudzigwira koma mapewa ndi ziuno zayamba zokha. Ndi paja akulephera kuyenda mzere umodzi mpaka mdala Horse awauza kuti ndi chimodzimodzi ma difenda a Arsenal akamatchera ofusayidi, pompo onse akhoza. Pamenepo ndinabweza kaye kuti ndionenso.

Chovuta china ndi Chingerezi chake, cha ku Yorkshire chomeza mawu, ndipo kope yomwe anandiikirayi ilibe mawu olembedwa pansi ndiye nthabwala zina zimangodutsa. Kutukwana kuliponso ndithu. Ndi ya 1997 ndiye chithunzi musayembekezere zowala ngati zamasiku ano, koma ndi yaifupi, ola limodzi ndi theka basi, siitopetsa. Anaipanga ndi madola 3.5 miliyoni okha n'kupeza oposa 250 miliyoni, ndipo ku BAFTA, mphoto za mafilimu za ku UK, inaposa Titanic pa filimu yabwino kwambiri, zomwe poyamba ndinkaona ngati bodza koma pano ndikumvetsa.

Kumapeto amavuladi zonse mpaka zipewa kuponya m'mwamba, kamera ili kumbuyo kwawo, ndiye dziwani nokha oti muonere nawo. Pa kope yangayi mawu amatsalira m'mbuyo mphindi khumi zomalizazo, nyimbo kwina miyendo kwina, ndipo flash inabwerako ndi vayirasi yomwe yabisa zithunzi za ukwati wa mlamu wanga. Mayi akunyumba akuti ndisaifufute kaye filimuyo, akufuna akaonere ndi anzawo a banki m'khonde Lachinayi, ana ali kusukulu.