Rose Bowl kapena Sugar Bowl: ndalama ya ulendo umodzi ipite kuti?

Disembala akamapita kumapeto, anzanga okhala kuno ku America amandifunsa funso lomwelomwelo: thumba likulola ulendo umodzi wokha, munthu akufuna akaonere bowl yaikulu, apite ku Pasadena kapena ku New Orleans? Ine konse ndinapondako, ndiye ndinene zanga.

Kwa amene simuutsata mpira wa ku America uja wonyamula m'manja, ma bowl ndi masewero a matimu a mayunivesite omwe amachitika ligi ikatha. Alipo pafupifupi 40, ambiri mwa iwo ongodzazira pa TV, koma awiriwa ndi akuluakulu enieni, ndipo zaka zambiri onse amaseweredwa pa 1 Januwale.

Rose Bowl, ya ku Pasadena pafupi ndi Los Angeles, ndiye gogo wa onse. Inayamba mu 1902, Michigan itakwapula Stanford 49 kwa 0, mpaka a Stanford anakweza manja nthawi isanathe. Okonza mwambowo anakhumudwa, mpira nkuusiya, mwakuti zaka zina ankachititsa mpikisano wa ngolo zokokedwa ndi akavalo. Unabwereranso mu 1916, ndipo kuyambira 1923 umaseweredwa m'bwalo lomwe lilipo lero, lolowa anthu pafupifupi 90,000. Okonda mpira wathu wamiyendo bwaloli mukulidziwa: mpomwe Roberto Baggio anaponya penate kumwamba mu 1994, Brazil nkutenga chikho cha dziko lonse. Nditangolowa, maso anga anayamba afunafuna kaye mbali imene panali golo lija.

Chimene mumagula ku Pasadena ndi tsiku lathunthu. M'mawa kumakhala Rose Parade, magalimoto ovekedwa maluwa, njere ndi masamba mpaka chitsulo osaoneka, ndipo anthu amagona m'mbali mwa Colorado Boulevard usiku wonse kuti apeze malo akutsogolo. Mukafika kubwalo, galimoto mumaimika pa kapinga wa bwalo la gofu, ena ali kale pa moto kuotcha nyama. Mpira umayamba masana, dzuwa likuwala. Mpira ukamapita kumapeto, dzuwa limapendeka, mapiri a San Gabriel kumpoto kwa bwalo nkusanduka ofiirira, ndipo ndinaona bambo wina pafupi nane, timu yake ikugonja, ataiwala zonse akujambula mapiri pa foni. Musanyengedwe ndi dzuwalo. Likangolowa kumazizira ngati ku Dedza mwezi wa Juni, choncho juzi musaisiye m'galimoto. Mipando yambiri ndi mabenchi, mumakhala phewa ndi phewa ngati m'minibasi.

Sugar Bowl, ya ku New Orleans, ndi yaing'ono pa msinkhu. Inayamba mu 1935, Tulane itagonjetsa Temple 20 kwa 14, ndipo dzinalo linachokera ku nzimbe za ku Louisiana. Kuyambira 1975 imachitikira mu Superdome, bwalo lofoleredwa lolowa anthu cha m'ma 70,000. Mulibe mapiri, mulibe dzuwa, mulibenso mvula. Chimene chilimo ndi phokoso, poti denga limabweza kukuwa konse, mabandi a masukulu awiriwo akamaomba malipenga mumamva m'chifuwa.

Apa ndiye New Orleans imaposa mnzake kutali: simufuna galimoto. Mukagona pakati pa tauni, kubwalo mumapita wapansi kudzera mu Poydras Street, pamodzi ndi chinamtindi cha masapota. Ku Los Angeles chilichonse chili kutali ndi chinzake, ndalama zimathera pa mayendedwe. Chakudyanso ku New Orleans n'chofika kukhosi kwa munthu wakwathu. Gumbo wina amaphika ndi therere nkuthira pa mpunga, ndipo ma beignet ndi mandasi basi, kungoti amawamwaza shuga woyera amene amakuthimbiriritsani malaya. Mpira nthawi zambiri umayamba usiku, ukatha tauni imakhala isanagone.

Koma mzindawu wadutsa m'zowawa, ndipo masewerowa anazilawa nawo. Mu 2006 anawasamutsira ku Atlanta chifukwa cha namondwe wa Katrina. Pa 1 Januwale 2025 munthu wina anagunda dala khamu ndi galimoto mu Bourbon Street nkupha anthu 14, mpira nkuusunthira mawa lake, pomwe Notre Dame inagonjetsa Georgia 23 kwa 10. Palinso nkhani ya 1956, ya Bobby Grier wa Pittsburgh, munthu wakuda woyamba kusewera mu Sugar Bowl. Bwanamkubwa wa Georgia, Marvin Griffin, anayesetsa kuti Georgia Tech isasewere ndi timu yokhala ndi wakuda, ophunzira a Georgia Tech omwe nkuchita zionetsero kumutsutsa. Mpira unachitika, Grier analowa m'bwalo. Ndinaiganizira nkhaniyi nditakhala mu Superdome, ndikuwerenga osewera akuda mbali zonse ziwiri mpaka kutaya chiwerengero.

Nanga mpira weniweniwo? Apa mtima wanga uli ku Pasadena, ndivomereze. Usiku wa 4 Januwale 2006 Texas inali kumbuyo kwa USC, patatsala masekondi 19 ndi mwayi umodzi wotsiriza, Vince Young wa Texas anathamanga yekha ndi mpira nkulowa pakona, masewero nkutha 41 kwa 38. Mu 2018 Georgia inapambana Oklahoma 54 kwa 48 atawonjezera nthawi kawiri. Mu 2024 Michigan inagwetsa Alabama 27 kwa 20, ndipo amenewo anali masewero otsiriza a mphunzitsi wa Alabama, Nick Saban. A Sugar Bowl adzakukumbutsani za 1973, Notre Dame 24 Alabama 23, ndipo sakunama, komanso tsiku lomwe Saban ankagonja lija Washington ndi Texas zinakokana mpaka sekondi yomaliza, 37 kwa 31. Komabe mukaunjika mbali zonse, mulu wa Pasadena ndi waukulu.

Chimene chasintha muchidziwe musanagule tikiti. Kuyambira 1947 Rose Bowl inkadziwika ndi kukumanitsa katswiri wa ligi ya Big Ten ndi wa ligi ya kugombe la kumadzulo, pomwe Sugar Bowl inali kwawo kwa matimu a ligi ya SEC. Mu 2024 USC, UCLA, Oregon ndi Washington zinasamukira ku Big Ten, mpikisano wa chikho cha mayunivesite nkukula kufika matimu 12, ndipo ma bowl awiriwa anasanduka ndime za mpikisanowo. N'chifukwa chake mu 2025 Ohio State ndi Oregon, za ligi imodzi, zinakumana ku Pasadena, 41 kwa 21. Matimu amadziwika mochedwa m'Disembala, ndipo tsiku nalo limatha kusuntha. Rose Bowl pa mwambo wake siseweredwa Lamulungu.

Ndiye ngati muli ndi ana, kapena ndi ulendo wanu woyamba, pitani ku Pasadena. Ngati ndinu kagulu ka anzanu ndipo palibe wofuna kugwira chiwongolero, New Orleans. Amene mukuonera muli ku Lilongwe kapena ku Chipata musavutike n'kusankha: Rose Bowl imayamba cha m'ma 11 koloko kapena 12 koloko usiku, pomwe Sugar Bowl imakupezani cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, ndipo pa 2 Januwale ambiri a inu kuntchito akukudikirani.