Harvest ya Neil Young: mbale ya 1972 kapena ya 2009?

Chimbale cha Harvest ndili nacho pawiri: mbale yakale ya 1972 ya kampani yosindikiza nyimbo ya Reprise, ndi ina yomwe anaidindanso mu 2009, imene Chris Bellman, katswiri wokonza kamvekedwe ka nyimbo, anaikonza kuchokera pa matepi oyambirira.

Ya 2009 ndi yolemera magalamu 180, ndipo singano ikatera simumva kuthetheka kulikonse. Pa nyimbo ya "Out on the Weekend" ng'oma ya Kenny Buttrey imagunda pamtima penipeni, besi ya Tim Drummond nayo imamveka payokha, osamezedwa ndi magitala. Koma zoti kulemera kwa mbale kumakometsa nyimbo ine sindivomereza. Nkhani yagona pa tepi ndi luso la wokonzayo.

Yakale ija mwini wake woyamba sankaisamala, moti ili ndi tizikanda tambirimbiri. Komabe pa "Old Man" mawu a Neil amamveka pafupi kwambiri, ngati wakhala pampando pomwepo. Imandikhumudwitsa kumapeto kwa mbali yachiwiri: pa "Words", singano ikayandikira pakati, magitala amagetsi amayamba kusasa mawu, pomwe ya 2009 imafika kumapeto bwinobwino.

Ngati mukugula imodzi yokha, tengani ya 2009. Yakale muziigula mutaimvera kaye, makamaka nyimbo yomalizayo.