Yunifomu yopanda chipewa: mmene yachitira itaona dzuwa, thukuta ndi sopo

Kumayambiriro kwa Juni ndinalemba mwachidule za yunifomu yatsopano ya gulu la drum corps limene mwana wanga wamkazi amaimbamo lipenga kuno ku America. Ndinanena kuti nsalu yake ndi yopepuka, yotamuka, mitundu yake yochita kudinda ndi makina, ndipo chipewa palibe. Ndinalonjeza kuti ndidzabweranso mpikisano ukadzatha. Unatha mu Ogasiti, zovalazo tazichapa komaliza ndipo ndaziyang'ana chimodzichimodzi tisanazilongedze. Ine ndine telala, ndipo ndili m'kagulu ka makolo amene timadzipereka kusoka ndi kuchapa zovala za anawa, ndiye zimene ndikuuzanizi ndaziona pamisoko.

Kwa amene simunazionepo, drum corps ndi gulu la achinyamata, ambiri osapitirira zaka 21, oimba malipenga ndi ng'oma, ena akuvina ndi mbendera, onse akuyenda mopanga mizere ndi maonekedwe osiyanasiyana pabwalo la mpira wa ku America kwa mphindi ngati 11. Magulu akuluakulu amakhala ndi anthu oposa 150. Bungwe loyendetsa mipikisanoyi, Drum Corps International, linachititsa mpikisano wake woyamba mu 1972 ku Whitewater, Wisconsin, ndipo kuyambira 2009 ndime yomaliza imachitikira ku Lucas Oil Stadium mumzinda wa Indianapolis. Magulu oterewa anafala nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, pansi pa mabungwe a asilikali opuma monga American Legion. N'chifukwa chake kavalidwe kanali kausilikali: jekete yolimba ya mabatani onyezimira, lamba, magolovesi, ndi chipewa chachitali chotchedwa shako chokhala ndi nthenga pamwamba. Kalelo asanalowe m'bwalo ankaimikidwa pamzere kuti oweruza ayendere zovala, ndipo batani losowa linkadya mapointi. Amene munakulira ku Nkhata Bay kapena ku Karonga mukudziwa kale mzimu umenewu, pakuti nawo gule wa malipenga anatengera perete ya asilikali, ndipo munthu salowa m'bwalo malaya ali akuda.

Zinthu zinatembenuka mu 2016. Gulu la Bluecoats la ku Canton, Ohio, linalowa m'bwalo mitu ili poyera, litavala zothina zotamuka, likukwera ndi kutsetsereka pa zitsetserekero zimene linabwera nazo, ndipo linatenga chikho koyamba m'mbiri yake. Mu 2018 Santa Clara Vanguard, imene aliyense ankaidziwa ndi chipewa chopinda mbali imodzi chija amati aussie, inapambananso popanda chipewacho. Opambana akavula, enanso amavula. Gulu la mwana wangali linachedwerako, koma chaka chino nalo linasiya jekete yake yakale.

Ndiyambe ndi zimene nsaluyi yachita bwino, chifukwa ndi zambiri ndipo si zazing'ono. Mu Julayi magulu amadutsa ku Texas ndi madera ena a kummwera, kumene ngakhale usiku thukuta silimauma. Jekete yakale inali yokhuthala, ya nsalu ina mkati, yofuna kupita ku dry cleaning, zimene pa ulendo wogona m'mabasi ndi pansi m'maholo a sukulu zimachitika mwa apo ndi apo. Ana ankavala jekete yonyowa ndi thukuta la dzulo, ndipo aliyense amene anatsegulapo lole ya zovala masana akudziwa fungo lake. Yatsopanoyi timaiponya m'makina ochapira ndi madzi ozizira, n'kuiyanika pamahang'ala, mmawa yauma. Yosafuna kusita. Zidzolo za m'khosi ndi m'khwapa zimene mwana wanga anavutika nazo chaka chatha sizinabwerenso.

Kayendedwe nakonso n'kosiyana. Masiku ano woimba lipenga amathamanga, amagwada, amagona pansi n'kudzuka akuimbabe. Jekete ya mapewa olimba inasokedwera munthu woima njo, ndipo ikakakamizidwa kuchita zimenezi imang'ambika kukhwapa. Chaka chatha nthawi yanga yambiri inathera pamakhwapa. Chaka chino sindinasokepo khwapa ndi limodzi lomwe.

Palinso nkhani ya tsitsi, imene makolo anzanga achikuda angaimvetse msanga. Mwana wanga amaluka, chifukwa paulendo wa miyezi itatu palibe nthawi yokonza tsitsi. Kulowetsa zoluka m'chipewa cha shako inali nkhondo ya madzulo aliwonse: kuzizunguliza, kuzipana ndi mapini, kukanikiza chipewa, kenako lamba wa pachibwano akumufinya mpaka mutu kuwawa. Chaka chino amangomanga kumbuyo n'kunyamula lipenga. Iye akuti chipewa sachisowa ngakhale pang'ono, ndipo sindingamutsutse pa za mutu wake.

Koma nsaluyi yakalamba msanga. Mtundu wake uli pamwamba pokha, kunsi kwake ndi koyera. Pamene imakhuzika, pamawondo ndi pazigongono, kapinga wa pulasitiki wa m'mabwalo ambiri anaipala mpaka kuyera kuja kunayamba kuonekera. Pofika kumapeto kwa Julayi mawondo a anyamata a ng'oma ndi a malipenga aakulu anali otuwa, atatuluka timibulu ta ulusi. Pamapewa, pamene chitsulo chonyamulira ng'oma chimakhala, nsalu inapyapyala moti ukaiika padzuwa umaona zala zako kuseri. Chigamba sichitheka bwino, chifukwa maluwa ake ndi odinda ndipo sungapeze nsalu yofanana nayo m'sitolo iliyonse. Tinkadula tizidutswa ku zovala zapadera zimene zinatsala, n'kuyesetsa kuti mizere ikumane. Mafuta odzola oteteza ku dzuwa anasiya chikasu m'makolala oyera, chimene sopo aliyense anachilephera.

Chimene chinandivuta kwambiri monga telala n'chakuti chovalachi sichinapangidwe kuti chizikonzedwa. Jekete ndi thalauza zakale zinali ndi nsalu yotsalira mkati mwa msoko, ndipo miyendo inali ndi mabatani okanikiza ofupikitsira kapena kutalikitsira. Mwana akaonda umabweza, wina wamkulu akabwera chaka chamawa umatambasula. Ana ambiri amaonda paulendowu chifukwa amayeserera tsiku lonse padzuwa. Pa yatsopanoyi msoko ndi wa ovaloko, wodulidwa pafupi, wopanda chotsalira. Kubweza kumatheka ndi zigizagi ngati uli ndi singano ya nsalu yotamuka, koma ukabweza mizere yodinda ija imapotoka, ndipo kutambasula n'kosatheka. Komanso chovala chothina chimaonetsa thupi lonse. Atsikana angapo ndi anyamata omwe anabwera kwa ife mwakachetechete kupempha kuti tiwaikire nsalu ina mkati. Jekete yakale inkabisa wonenepa ndi woonda mofanana, ndipo imeneyi ndi ntchito imene opanga zovala zatsopanozi sanaiganizire mokwanira.

Ndiye pali nkhani ya ndalama. Yunifomu yakale inkatumikira zaka zambiri, ikuchoka kwa mwana uyu kupita kwa uyo. Iyi inadindidwa mogwirizana ndi mutu wa chionetsero cha chaka chino chokha, ndipo chaka chamawa kukubwera ina. Gulu likufuna kuigulitsa ku bandi ya sukulu ya sekondale, monga magulu ambiri amachitira, koma mawondo otuwawo adzatsitsa mtengo. Makolo timalipira kale madola masauzande angapo pa mwana mmodzi, ndipo zovala zatsopano chaka ndi chaka zili m'ndalama zomwezo.

Za chipewa ndili ndi maganizo osiyana ndi a mwana wanga. Chipewa chinali ndi mavuto ake, inde: mabokosi odzaza theka la lole, nthenga zosungidwa m'mapaipi, ndipo mvula ikangoyamba timathamanga kuzizula zisanaonongeke. Koma ku Indianapolis ndinakhala pamipando ya pamwamba, pamene chionetsero chonse chimaoneka bwino, ndipo ndinaona chimene chasowa. Nthenga imatalikitsa munthu ndipo imakuza kalikonse kamene mutu wachita. Anthu 70 akatembenuza mitu nthawi imodzi, nthenga 70 zimagwedezeka pamodzi ndipo owonera amakuwa. Popanda zimenezi mzere umaonekabe wowongoka, koma wafupika, wataya mphamvu yake. Opanga zionetsero amati tsopano nkhope zikuoneka, ndipo pa kamera n'zoona. Kuchokera pamwamba paja nkhope siioneka.

Chachikulu n'chakuti magulu ayamba kufanana. Kale munthu ankadziwa gulu lisanaimbe n'komwe: zobiriwira ndi chipewa cha nthenga yoyera ndi a Cavaliers a ku Rosemont, zisoti ndi Phantom Regiment a ku Rockford, mtundu wofiirira ndi wagolide ndi a Cadets, amene anayamba mu 1934 ndipo anatsekedwa mu 2024. Lero uyenera kudikira wolengeza. Bambo wina wachikulire amene anaimba m'gulu lathuli ali mnyamata anabwera kuchipinda chosokera atanyamula chithunzi chake, nandifunsa ngati baji ya pachipewa chakale ilipo penapake pa chovala chatsopanochi. Ndinatembenuza chovala chonse, ndipo panalibe. Zinandikhudza, chifukwa ana athuwa nawonso adzafuna kudzaona pabwalo chinthu chimene iwo anavalapo. Ndipo si zoona kuti chipewa chimalepheretsa kupambana: a Troopers a ku Casper, Wyoming, analowa m'magulu 12 ofika mu ndime yomaliza mu 2022, koyamba chichokereni 2009, zipewa zawo zotambalala zili kumutu.

Nsaluyi ndingaivomereze kwa gulu lililonse loyenda m'nyengo yotentha, koma pooda muumirire zinthu izi: mawondo ndi mapewa a nsalu ziwiri, nsalu yotsalira m'misoko ya m'mbali, ndi mamita angapo a nsalu yodindayo osasoka, osungira zigamba. Kagulu kathu kalembera atsogoleri a gulu kupempha zimenezi, komanso kuti baji yakale ibwerere pachifuwa, ndi kuti pakhale chipewa chopepuka, chotakasuka mkati kuti zoluka zikwane, choti ana azivala pa perete ya pa 4 Julayi, tsiku la ufulu wa dziko la America, ndi polowa m'bwalo. Ayankha kuti akambirana pa msonkhano wawo wa mu Novembala, oyeza zovala za chaka chamawa asanabwere.