Lezala, phula, laser kapena singano: njira iti yochotsera ubweya?

Lezala ndi wotchipa, koma ife a tsitsi lopotana timalidziwa vuto lake. Ndevu ikametedwa mpaka pakhungu, nsonga yake imapindika n'kubaya khungu lomwelo, pakhosi n'kudzaza tiziphuphu. Phula, lomwe amamata pakhungu n'kulimatula, limazula ndi muzu womwe, khungu n'kukhala see kwa masabata atatu kapena anayi, kenako ululu uja uyambirenso. Mafuta opaka ngati Veet amangosungunula tsitsi la pamwamba, pakapita masiku ochepa lamera.

Laser imapita kumuzu. Kuwala kwake kumasaka melanin, chinthu chimene chimadetsa tsitsi, n'kuwotcha pomwe tsitsilo limamerera. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa melanin yemweyo ndi amene wadzaza m'khungu lathu. Makina a laser a alexandrite, a 755 nm (nm ndi muyeso wosonyeza mtundu wa kuwalako), amagwira bwino pa azungu a tsitsi lakuda, koma munthu wakuda angamusiye ndi matuza kapena mawanga. Oyenera ife ndi a Nd:YAG, a 1064 nm, amene kuwala kwake kumalowa mozama osatentha kwambiri pamwamba. Nanga timakina towalitsa ta IPL togulitsidwa pa intaneti tija? Si laser ayi, ndipo tambiri sitinapangidwire khungu lakuda. Ine wondiuza kuti "makina ndi amodzi" sindingamulole kundigwira.

Musayembekezere zodabwitsa tsiku limodzi. Laser imapha tsitsi lokhalo limene likukula nthawi imeneyo, n'chifukwa chake pamafunika maulendo 6 mpaka 8, motalikirana mwezi umodzi kapena iwiri. Pakati pa maulendowo mumameta ndi lezala, osazula, poti mukazula kuwala kumasowa chogwira. Ngakhale bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, limangoti laser imachepetsa tsitsi kwa nthawi yaitali, osati kulithetseratu. Lotsalalo limamera lopyapyala, ndipo kwa wovutika ndi tiziphuphu ta ndevu zimenezo n'zokwanira. Amayi amene ndevu zawo zimabwera chifukwa cha PCOS, vuto losokoneza mahomoni a amayi, ayambe aonana ndi dokotala, apo ayi mahomoni azingomeretsa zatsopano.

Imvi ndiye laser siziona n'komwe. Zimenezo n'za electrolysis, kasingano kamagetsi kolowetsa pa muzu uliwonse paokhapaokha. Njirayi ndi yakale: dokotala wa maso Charles Michel wa ku St. Louis anailemba mu 1875 atachotsa nayo tsitsi la m'zikope lomerera m'kati. Siisankha mtundu wa tsitsi, ndipo muzu ukafa wafa. Pa timaubweya tochepa ta pachibwano ndi yabwino zedi. Koma pa miyendo yonse iwiri, tsitsi limodzilimodzi, mungathe chaka mukupitabe.