Ndinapita kukaonana ndi mlangizi wa zamaganizo ku Lilongwe, nazi zomwe ndinaona

Ndili ndi zaka 25, sukulu ndinamaliza, digiri ili m'sutikesi koma ntchito kulibe, ndikukhalabe kwa achemwali anga ndipo tsiku lililonse alamu amandifunsa kuti intavyu ija ayankha? Ndinafika posagona, 3 koloko usiku maso ali gwa, mtima ukugunda ngati ndathamanga, nsima osalowa, foni za anzanga osayankha. Kutchalitchi anandipempherera, zikomo, koma tulo sitinabwere.

Mnzanga wina ndiye anandilozera kwa mayi wina amene amapereka uphungu (osati phungu wa kunyumba ya malamulo eti). Ndinakana kaye, ndinati ine sindinapenge, paja kwathu kuno ukangotchula zamaganizo anthu amathamangira ku Zomba Mental basi.

Ndapitako kasanu ndi kamodzi tsopano. Kachipinda kakang'ono, mipando iwiri, palibe jakisoni palibe mankhwala, mumangocheza pafupifupi ola limodzi. Tsiku loyamba zinandinyansa ndithu chifukwa ndimadikira kuti andiuze chochita, iwo m'malo mwake amangofunsa mafunso kenako phee kumvetsera, ine mpaka kulira ngati mwana. Sananene zoti limba mtima ndiwe mwamuna, ndipo atandifunsa mosabisa ngati ndinaganizapo zodzipha sanadzidzimuke ndi yankho langa, tinangolemba limodzi mayina a anthu oti ndiwaimbire zikafika povuta. Anandiphunzitsa kapumidwe kodekhetsa mtima, kulemba m'kope zomwe zikundizungulira m'mutu, komanso kusiya foni pabalaza pokagona. Zooneka zopepera koma pofika sabata yachinayi ndinayamba kugona mpaka m'mawa.

Zosakoma zilipo. Mtengo ndi wowawa kwa munthu wosagwira ntchito, kuphatikiza minibasi ndiye kaya, amandilipirira ndi achemwali. Malo odikirira ali pakhonde pomwe aliyense wodutsa akukuona, tsiku lina ndinakumana ndi mayi wa kumpingo kwathu ndinachita kunama kuti ndaperekeza munthu. Kawiri konse anasintha nthawi ine ndili kale m'njira.

Nyenyezi ndiwapatsa 4 pa 5. Amene thumba silikulola mukafunse ku chipatala cha zamaganizo cha Saint John of God, ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe konkuno, kapena kuchipatala cha boma cha m'boma lanu mufunse namwino wa zamaganizo. Ntchito sindinaipezebe, koma Lachinayi ndikupitanso, ndipo dzulo ndinadya mitanda itatu alamu mpaka anandiyang'ana.